Mmwenye Amene Anagwada

Amuna anga a Gideoni ankatha kulankhula maola atatu osameza malovu, bola akhale ndi maikolofoni m'manja ndi Mmwenye pakanema. Mukawalanda ziwirizo munkatsala ndi munthu amene mawu ake a tsiku lonse mukanawawerenga ndi zala. "Mwadzuka?" m'mawa. "Madzi atentha?" madzulo. Ine Febe, mwana wa aphunzitsi a ku Nambuma, ndinakwatiwa ndi munthu amene Nsaru yonse inkamutama pakamwa, koma pakamwapo ine ndinkangopamvera kuseri kwa chipupa.

Chipupacho chinali cha matabwa. Mbali ino kunali chipinda chathu, mbali inayo holo ya vidiyo: mabenchi khumi ndi awiri, kanema, deki, ndi jenereta panja imene inkatsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe. Ntchito ya a Gideoni inali kumasulira mafilimu. Ankatsitsa mawu a kanemayo, iwo n'kumalankhula pamwamba pake m'Chichewa, mawu a mwamuna, a mkazi, a apongozi, ngakhale a galu. Ankauza anthu kuti Chimwenye anachiphunzira m'sitolo ina ku Lilongwe kumene anagwirako ntchito miyezi isanu ndi itatu. Ine ndinkadziwa kuti chimene anaphunzira kumeneko ndi kunyamula mabelo a nsalu. Zonse ankangopeka poyang'ana nkhope ndi manja a anthuwo.

Muholomo sindinalowemo ngakhale kamodzi. Mayi wa Mvano akaoneka muvidiyo, nkhani imafika kwa akulu ampingo iye asanatuluke n'komwe. Koma filimu imodzi ndinkaidziwa ndi makutu kuyambira koyamba mpaka kumapeto, poti inkaonetsedwa Loweruka lililonse ndipo anthu sankatopa nayo. Amwenye ake a Gideoni anawapatsa mayina a konkuno. Mwamuna anali Robert, wonyada, wa galaja yake. Mkazi anali Natasha, amene apongozi ake ankamuzunza mwamunayo akungoyang'ana. Kumapeto Natasha ankanyamula sutikesi n'kupita kusiteshoni, Robert n'kumutsatira, n'kuima pamvula. Pamenepo a Gideoni ankakokera mpweya wonse n'kukuwa kuti, "Pita! Bondo langa siligunda pansi chifukwa cha mkazi!" Holo yonse inkakuwa nawo limodzi mpaka matabwa athu kunjenjemera, sitima n'kunyamuka, kaseti n'kutha.

Mu Januwale 2003 ndinapita padera. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinali kwa amayi, choncho zinachitikira kukachipatala ka mishoni kufupi ndi kwathu. Anali wamwamuna. Mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, amuna safikako ndipo salira. Zimenezo ndikuzidziwa ndipo sindinaziderere. Koma palibe mwambo umene umaletsa mwamuna kukhala pansi pambali pa bedi la mkazi wake.

A Gideoni anabwera tsiku lotsatira. Anaima pakhomo la wadi ndi botolo la Fanta m'manja. Anaima, anaimabe, kenako analowa masitepe atatu, kuika botololo pakabati, n'kufunsa, "Mwagona bwanji?" Ndisanayankhe anali atatuluka.

Ndinabwerera ku Nsaru patatha milungu iwiri ndikuganiza kuti mwina m'nyumba mwawo mawu abwera. Ndinadikira Lolemba, Lachiwiri, mpaka Lachisanu, ndikungozungulirazungulira m'chipindamo, kusesa posesa kale. Loweruka masana ndinawamva kuseri kwa chipupa akulira m'mawu a Natasha. Ankalira bwino kwambiri, mosisima, mpaka amuna ena muholomo anati zii. Ndinapsa mtima kwambiri. Misozi anali nayo, eti, koma ankasungira mkazi wa m'kaseti. Ndinamanga zovala m'chitenje, n'kukwera matola wa kwathu filimu isanathe.

Milungu isanu ndi umodzi inatha osabwera kudzandiona. Amalume anga a Jameson, amene ndiwo ankhoswe anga, anawaitanitsa kawiri. Ulendo woyamba sanabwere. Wachiwiri anabwera Lachitatu panjinga ndi ankhoswe awo a Hopeson, atanyamula jumbo ya shuga ndi buledi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Nkhani ndi yaifupi, a Gideoni," anatero amalume. "Mwanayu sakufuna mbuzi kapena nsalu. Akufuna mupepese pamaso pathu, munene chimene chinakutsekani pakamwa. Mukatero mupita naye lero lomwe."

A Gideoni anayang'ana nsapato zawo. A Hopeson anawagunda ndi chigongono. Kenako a Gideoni anapisa dzanja m'jumbo muja, kutulutsa kaseti, kuisolola m'kabokosi kake, n'kuionetsa amalume ngati akuonetsa chiphaso.

"Kaseti ya Robert ija inadyedwa ndi deki," anatero. "Ndagula ina ku Lilongwe."

Amalume ndi munthu wodekha, koma tsiku limenelo anaimirira. "Kodi tasonkhana pano chifukwa cha kaseti? Loweruka tibwera ndi ngolo kudzatenga katundu wa mwanayu. Mukakhala ndi mawu, mudzanene ngolo isananyamuke. Ikanyamuka, banja latha."

A Gideoni anaika kaseti m'thumba la jekete, kukwera njinga, n'kuiwala kabokosi kaja m'jumbo pamodzi ndi shuga.

Lachisanu ndinkafunika kukaonedwanso kuchipatala. Usiku wonse sindinagone bwino, ndipo m'mawa kunali mvula yowaza. Posowa poika buku langa la kuchipatala kuti lisanyowe, ndinalipinda n'kulilowetsa m'kabokosi ka kaseti kaja. Amene ankationa anali Sisitere Selvi, Mmwenye wamfupi, wakuda ngati ife tomwe, amene wakhala kuno zaka zambiri ndipo Chichewa amachilankhula mothamanga kuposa eni akefe. Ndiye anandigwira dzanja tsiku lija la Januwale. Nditasolola bukulo, iwo anasiya buku n'kugwira kabokosi.

"Febe, kameneka mwakatenga kuti?"

"Ndi ka amuna anga. Amaonetsa vidiyo ku Nsaru."

Anakatembenuza uku ndi uku, akuseka, maso ali ndi misozi. "Filimu iyi amayi anga anaionera kasanu ndi kawiri ndili mwana. Ankaphika msanga kuti tisachedwe. Ndi ya kwathu imeneyi, ya Chitamili."

"Si ya Chimwenye?"

"Chimwenye chake chiti? Kwathu zilankhulo zilipo zambirimbiri. Kodi inu Chitumbuka ndi Chichewa mumati ndi chimodzi?"

Ndinawauza kuti filimuyo ndimaidziwa, ndipo ndinawafotokozera za Robert, galaja, apongozi ndi sutikesi. Anamvetsera akugwedeza mutu mwa kwawo muja, mosadziwika ngati akuvomera kapena akukana. Kenako anandifunsa za kabokosi ka kaseti yakale, kuti zilembo zake zinali zotani. Ndinati zinkalendewera pamzere ngati zovala pachingwe.

"Chimenecho ndi Chihindi, cha kumpoto," anatero. "Taonani izi, ndi zozungulirazungulira. Oyamba kupanga filimuyi anali a Chihindi. Itatchuka, akwathu anaipanganso ndi anthu athu, m'chilankhulo chathu. Nkhani ndi yomweyo, nyimbo zina n'zofanana. Koma kumapeto akwathu anasintha. Anati amayi a kwathu sangalipire kuti akaone mwamuna akungoima pamvula ngati mtengo wa magetsi."

"Ndiye amatani?"

"Amagwada. Pasiteshoni pomwepo, m'matope, anthu onse akuona."

"Nanga mkaziyo? Amakwera sitima?"

Asanayankhe namwino anasuzumira pakhomo kuti mayi wina wafika pangolo ali pafupi kuchira. Sisitere anandibwezera kabokosi, n'kuthamanga. Amene anandiona tsiku limenelo anali wina.

Njira yonse yobwerera kunyumba miyendo inkangondithamangitsa. Ndimawadziwa amuna anga. Sakanawononga petulo kuonera okha filimu imene anailoweza ngati Pemphero la Ambuye. Kwa iwo Chimwenye ndi Chimwenye basi. Wogulitsa ku Lilongwe anawauza kuti nkhani yake ndi yomweyo, iwo n'kukhutira. Mawa akakuwa za bondo lawo lija pamaso pa Nsaru yonse, Mmwenye n'kuwagwadira. Ndinaseka ndekha panjira. Nditafika padambo chisoni chinandigwira, ndinati ndikawachenjeza. Nditawoloka ndinakumbukira botolo la Fanta, ndinati ayi, aone okha. Ndinafika kunyumba ndisanagwirizane ndi mtima wanga, ndipo ndinachapa zovala zochapa kale mpaka amayi anandilanda sopo.

Loweruka tinanyamuka m'mamawa, ine ndi amalume pangolo yobwereka. Ng'ombe zake zinali zaulesi moti kawiri konse ndinatsika n'kumayenda patsogolo pake. Tinafika ku Nsaru dzuwa litapendeka pang'ono. Panja pa holo panali bolodi lolembedwa ndi choko kuti Robert ndi Natasha abweranso, kaseti yatsopano. Anthu anali atayamba kale kulowa. A Gideoni anali atawerama pajenereta. Atationa anawongoka, kupukuta manja pathalauza, n'kupereka moni kwa amalume.

"Mwabwera?" anandifunsa.

"Ndabwera."

Ndinadikira. Mawu a Sisitere anali pakhosi panga penipeni, ndipo akanangonena kanthu kena kalikonse ndikanawauza. Iwo anayang'ana ngolo, kuyang'ana anthu amene ankalowa, n'kukoka chingwe cha jenereta. Ndinameza mawu angawo n'kulowa m'chipinda.

Katundu wanga sanali wambiri: makina osokera, mbale, mapoto, matiresi, zovala za Mvano. Ndinkamanga, kumasula, kumanganso. Amalume anakhala panja pamthunzi wa ngolo, atandiuza kuti ndisathamange koma ndisachedwenso. Kuseri kwa chipupa nyimbo yoyamba inayamba, ndipo khutu langa linamva msanga kuti lilime lake ndi lina, logubuduzika ngati mtedza m'lichero. Anthu nawo sanachedwe.

"A Gide, awa si aja!" anakuwa wina. "Robert wanenepa liti? Ndevu zimenezi wazitenga kuti?"

"Khalani pansi, akulu," anayankha amuna anga pamaikolofoni, osagwedezeka n'komwe. "Kaseti yakale ija inali yotha, inkawonditsa anthu. Uyu ndiye Robert weniweni, wodya bwino."

Holo inaseka, filimu n'kupitirira. Ndivomere, munthuyo ntchito yake amaidziwa. Galaja inafika pamalo pake, apongozi analalata pamalo pawo. Pena nyimbo inkatulukira pamene iwo ayamba kale mawu a mkangano, koma ankakhota msanga ngati njinga yozemba dzenje, anthu osazindikira. Ine ndinkawerenga m'mutu zimene zatsala. Natasha aswa mbale. Apongozi amuneneza. Atsegula sutikesi.

Pansi pa bedi, kuseri kwa katoni ya makaseti, ndinapeza jumbo imene sindinkaidziwa. Munali kashawelo koyera ka mwana ndi tinsapato toluka, zonse zatsopano, mitengo yake isanachotsedwe. Sindinagule ndine. Ndinakhala pansi pasimenti, zinthuzo zili pamiyendo, ndipo sindinadziwe ngati ndilire kapena ndiphwanye chipupacho. Anagula liti? Anazibisiranji? Munthu wotani amene amabisa zinthu zotere pansi pa bedi lomwe mkazi wake akugonapo akulira?

Amalume anagogoda pachitseko. "Febe, tiyambe kukweza. Ng'ombezi ziyenda mochedwa."

Tinakweza makina, matiresi ndi mapoto. Kuseri kwa chipupa ndinamva kulira kwa sitima. Ndinauza amalume kuti andidikire pang'ono, ndinafunda chitenje kumutu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakankha nsalu ya pakhomo la holo n'kulowa.

Munali mdima, kutentha, fungo la thukuta ndi la nzimbe. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi khomo. A Gideoni anali pampando wawo pambali pa kanema, nkhope itawala buluu. Anandiona. Ndikudziwa kuti anandiona chifukwa mawu a Natasha anawathawa pang'ono, kenako anawagwiranso. Pakanemapo panali mkazi wa nsalu yofiira ndi sutikesi, ndi mwamuna wonenepa wa ndevu za pamlomo akuthamanga pamvula. Zaka zitatu ndinkamva anthu amenewa osawaona, ndipo lero powaona anali enanso.

Mwamunayo anaima patsogolo pa mkaziyo. Amuna muholomo anayamba kuwongoka pamabenchi, kukonzekera. A Gideoni anakokera mpweya. Mwina chifukwa ine ndinalimo, anakuwa mokweza kuposa masiku onse, holo yonse pamodzi nawo.

"Pita! Bondo langa siligunda pansi chifukwa cha mkazi!"

Mawu asanathe kumveka m'malata, Mmwenye uja anagwa ndi mawondo onse awiri m'matope, thapwa, n'kugwira m'mphepete mwa nsalu ya mkaziyo.

Holo inaphulika. Ena anagwa pamabenchi. "Waterereka!" anatero wina. "Sanaterereke ameneyo, wagwada!" "A Gide, si munati bondo siligunda? Nanga ilo likutani?" Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma sindinasangalale. Ndinawamvera chisoni, atagwira maikolofoni pakamwa potsegula, akuyang'ana munthu amene akhala akumulankhulira zaka zonsezi atawatembenukira masana.

Mmwenyeyo ankalankhula, akulira, mawu ake a Chitamili akumveka pansipansi. Ankalankhula zambiri, ndipo kamera sinkachoka pankhope pake. Phokoso linayamba kuchepa. Anthu analipira kuti amve Chichewa.

"Tamasulirani, a Gide. Akuti chiyani?"

Sipika inkangolira yokha. Ndinatembenuka kuti ndizipita, ndiye ndinamva mawu, osati a Robert aja okhuthala, koma aang'ono, a madzulo aja ofunsa ngati madzi atentha.

"Akuti... akuti ndinafika pakhomo, ndinakuona utagona, wayang'ana kukhoma. Akuti njira yonse panjinga ndinkakonza zoti ndidzanene, koma nditaona bedi lili ndi iwe wekha, zonse zinathawa."

"Njinga yanji? Robert ali ndi galimoto," anatero wina kutsogolo. Anzake anamuletsa.

"Akuti ndinaima ndi Fanta m'manja ngati chitsiru. Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndilira pamaso pa amayi onse a m'wadimo, ndiye ndinathawa. Ndinakalirira kudambo, njinga ili pansi."

"Fanta wachokera kuti m'filimu muno?"

"Akuti ndinali nditagula kale kashawelo. Ndinkafuna ndidzakudzidzimutse tsiku lotuluka. Ndikakaona ndimalephera kupuma, kukataya ndikulepheranso. Akuti anali mwana wanganso. Dzina ndinali nalo kale. Akuti ndinalakwa, Febe. Usakwere."

Palibe amene anafunsa kuti Febe ndani. Mitu inayamba kutembenukira kumbuyo umodziumodzi, mpaka holo yonse inkayang'ana mayi wa Mvano amene waima pakhomo ndi chitenje kumutu.

Pakanema mkazi uja anayamba kuyankha. Milomo yake inkayenda, koma a Gideoni, amene sanasowepo mawu a Natasha chiyambire, sanamulankhulire. Ankayang'ana ine. Misozi yanga inali ikutsika, sindikana, koma mkwiyo nawo unali usanathe. Milungu isanu ndi umodzi ija, ankhoswe kuyenda maulendo, ng'ombe za eni kuvutika kuchokera ku Nambuma, zonsezo kuti munthu adikire Mmwenye ayambe wagwada?

"Ndamva," ndinatero, ndipo mawu anga anamveka bwino popanda sipika. "Koma amene tikumudikira si Robert. Amalume ali panja. Mukanene konko, opanda chimenecho m'manja."

Ndinatuluka. Kuwala kwa panja kunandilasa m'maso. Amalume anali atamanga kale katundu ndi zingwe, mkwapulo uli m'manja. Ndinakwera pangolo n'kukhala pamatiresi, kashawelo kaja ndikukafinya m'chitenje. Sindinayang'ane kumbuyo. Amalume anandiyang'ana, kuyang'ana pakhomo la holo, n'kuyamba kukonza goli limene linali bwinobwino. Analikonza nthawi yaitali. Kenako anapumira m'mwamba, kukwera, n'kukweza mkwapulo.

Nsalu ya pakhomo inagwedezeka. A Gideoni anatuluka manja ali lende, akuphethira ngati munthu wochoka m'dzenje, ndipo kumbuyo kwawo kunatuluka holo yonse. Anayenda mpaka patsogolo pa ng'ombe. Mvula ya dzulo lake inali itasiya matope pamenepo, osakanikirana ndi makoko a nzimbe. Anayang'ana matopewo, kukwinya thalauza lawo la Loweruka pang'ono, n'kugwada.

Popanda maikolofoni mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi, moti amalume anachita kutsika n'kuwerama kuti amve. Zinatenga nthawi, ndipo sizinakome ngati za muholo zija. Dzina la mwanayo ananditchulira ine ndekha, nditatsika. Ankafuna adzakhale Fumbani.

Nthawi yonseyo filimu inkapitirira yokha m'holo yopanda munthu, m'Chitamili chake, mpaka kaseti inatha, kanema n'kuchita buluu. A Gideoni sanaionetsenso, ngakhale anthu anawachonderera miyezi ingapo. Mpaka lero pa Nsaru amakanganabe ngati mkazi wa nsalu yofiira uja anakwera sitima kapena ayi, ndipo ena amandifunsa ine ngati ndine ndinaipanga. Sisitere Selvi ndakumana nawo kambirimbiri kuchokera pamenepo, kusikelo ya ana anga awiri, koma sindinawafunsepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti makina osokera aja anali olemera, ndipo potsitsa pangolo a Gideoni ananyamula okha, mawondo ali matope.